Dandaulo pa pulojekita yomwe amisiri anu anapachika molakwika pabalaza panga

Kwa a Manijala,
Nthambi yoona za makasitomala

Bwana,

Ndalemba kalatayi chifukwa mafoni sakuthandizanso. Ndikaimba pa nambala ya kushopu amandiuza kuti mmisiri wamkulu watuluka. Ndikaimba ya mmisiriyo imalira mpaka kudula yokha, ndipo tsiku lomwe wayankha mawu ake ndi amodzimodzi, akuti tibwera mawa. Ndatopa nazo, ndipo ndikufuna yankho lolembedwa lochokera kwa inuyo.

Zomwe ndinagula, tsiku lake ndi ndalama zomwe ndinapereka zonse zili m'mabuku mwanu. Chomwe ndikufuna muone pa lisitipo ndi mzere umodzi wokha, pomwe palembedwa ndalama ya ntchito yoika. Antchito anu akumalankhula ngati kubwera kudzapachika pulojekita kunali banyira, chifundo chomwe ndiyenera kuthokoza. Ntchitoyo ndinailipira payokha, ndipo ndi imene yalakwika.

Amisiri anu awiri anafika kwathu ku Machinjiri dzuwa litapendeka, pomwe tinapangana za m'mawa. Analibe tepi yoyezera, analibe levulo, makwerero tinachita kukabwereka kwa aneba. Nditafunsa ngati sayamba ayeza kaye, wamkuluyo anati, "Madala, ntchito iyi ndi ya tsiku ndi tsiku, ife timangoona ndi maso." Ndinawasiya, poti amisiri ndi iwowo ndipo munawatuma ndinu. Pomwe amamaliza kunja kunali kutada, magetsi atazima, choncho anachoka osaiyatsa n'komwe. Anandipatsa pepala loti ndisaine, akuti longosonyeza kuofesi kuti afika, ndipo ndinasaina wina akundiunikira ndi tochi ya pafoni. Analonjeza kuti abweranso kudzayesa zonse magetsi akayaka. Mpaka lero palibe yemwe wapondanso pakhomo panga.

Magetsi atayaka ndi pomwe tinaona zomwe anatisiyira. Kabuku komwe kanabwera m'katoni momwemo kali ndi ndandanda ya mitunda. Sikirini yomwe munandigulitsa ndi ya mainchesi 100, ndiye kuti m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamita 2.2, ndipo kabukuko kakunena kuti chithunzi chidzaze sikirini yotere pulojekita ikhale patali mopitirira mamita 3. Ndayeza ndekha ndi tepi: anaipachika pa mamita 2.5. Chithunzi chimangokhala pakati, mbali zonse kutsala malo oyera, ngakhale mutapotoza zoom mpaka pothera. Komanso pothawa babu la pasiling'i anaisunthira kumanzere n'kuikhotetsa kuti iloze sikirini, ndiye chithunzi chimatuluka chopendekera, mbali ina chachitali, mbali ina chachifupi. Pafoni mmisiri wanu anandiuza kuti ndingodina keystone pa rimoti. Ndinadina. Keystone siisuntha pulojekita pomwe yapachikidwa, imangofinya chithunzi kuti chioneke chowongoka, ndipo pofinyapo chimachepa n'kuyamba kuoneka mwa mbuu. Ndinagula makinawa makamaka chifukwa cha bambo anga, omwe maso awo ayamba kufooka ndipo amakonda mpira. Pano manambala a zigoli pakona ya sikirini sakuwaona, amachita kufunsa adzukulu.

Zimenezo ndikanapirira podikira kuti mubwere. Chomwe chandichotsa tulo ndi mmene anamangira bulaketi, chitsulo chogwira pulojekita kusiling'i. Patangopita nthawi pang'ono tinayamba kupeza fumbi loyera pa sofa, ndipo titayang'ana m'mwamba tinaona mng'alu ukuyenda kuchokera pa bulaketi, bodi itayamba kutsika ngati mimba. Ndinapempha kalipentala wa kuno kwathu kuti tikwere naye m'siling'i tikaone, osagwira kanthu. Tinapeza nsonga za masikuluwu onse anayi zitangotulukira pamwamba pa bodi, popanda ndi imodzi yomwe yolowa m'thabwa, chonsecho mtanda uli pomwepo, chikhatho chimodzi chabe kuchoka pomwe anaboola. Bodi ya siling'i ntchito yake ndi kubisa denga, siinapangidwe kuti izinyamula katundu, ndipo aliyense yemwe anagwirapo hamala amadziwa zimenezi. Pansi penipeni pa pulojekitayo ndi pomwe ana anga amakhala pochita homuweki.

Tsiku lomwelo ndinaimba kushopu n'kufotokoza kuti chinthuchi chitha kugwera mwana. Yankho linali lakuti ndisaigwire, chifukwa munthu wina aliyense akaimasula galanti yatha. Ndinamvera. Tinakoka sofa n'kuiika kukhoma, ana tinawaletsa kulowa pabalaza, ndipo pansi pa pulojekita tinayalapo matiresi kuti ikagwa isasweke. Umu ndi mmene pabalaza panga palili pamene ndikulemba kalatayi. Alendo akabwera timawalandirira pakhonde.

Palinso vuto la chithunzi chomwe chimazima n'kuyakanso pakatikati pa pulogalamu. Antchito anu anathamangira kunena kuti ndi magetsi a kuno. Magetsi amazimazima, inde, koma n'chifukwa chake munandigulitsanso UPS, kabokosi kosunga magetsi, ndipo wogulitsa wanu anafotokoza bwino kuti nyale ya pulojekita imatentha kwambiri, moti imafuna fani ipitirize kuzungulira kwakanthawi ukaizimitsa. Ndinamvetsa ndipo ndinalipira. Koma vutoli limachitika magetsi ali bwinobwino. Nditabweretsa dikoda pafupi n'kulumikiza ndi chingwe chachifupi cha HDMI, chithunzi chinakhazikika usiku wonse. M'siling'i muja tinaonanso chifukwa chake: m'malo mwa chingwe chimodzi cha mamita 15 chomwe chalembedwa pa lisiti, muli zingwe ziwiri zolumikizidwa pakati, polumikizirapo atakulungapo tepi yakuda. Ndikufuna mundiuze komwe kunapita chingwe chomwe ndinalipira.

Za maulendo omwe ndayenda kupita kushopu kwanu ku Limbe ndingoti ndi ambiri, ndipo ulendo uliwonse umatanthauza kupempha chilolezo kuntchito, kuwotcha mafuta omwe munthu wawapeza atafola pamzere, kapena kusinthasintha maminibasi. Ulendo wina anandiuza kuti mmisiri wapita ku Zomba. Ulendo wina anati fayilo yanga ili ndi munthu yemwe ali pa tchuthi. Kenako anandilonjeza motsimikiza kuti Loweruka amisiri afika, ine n'kulephera kupita kuchinkhoswe cha mphwanga, mkazi wanga n'kupita yekha ndi ana. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Palibe anabwera, palibe anaimba, ngakhale ka meseji kopepesa.

Koma chomwe chandipangitsa kukhala pansi n'kulemba ndi zomwe zinachitika pa kauntala yanu ulendo womaliza. Ndinafika ndi zithunzi za mng'alu uja pafoni. Mnyamata yemwe anali pa kauntala, yemwe amati ndi wachiwiri kwa inu, sanafune n'komwe kuziona. Anandisiya chiimire akucheza pafoni yake, ndipo atamaliza anati ndibweretse pulojekitayo kushopu aione. Ndinamukumbutsa kuti anzake anandiletsa kuimasula. Anati, "Ndiye mukufuna ifeyo titani, tiione bwanji ili kwanu?" Ndinamuyankha kuti atumize anthu omwe anaipachika. Apo anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala lija ndinasaina mumdima, n'kuliika pa kauntala akuligogoda ndi chala. Akuti, "Siginecha iyi ndi ya ndani? Munavomera nokha kuti ntchito ili bwino." Ndinafotokoza kuti kunalibe magetsi ndipo makinawo anali asanayatsidwe. Anaseka. Kenako, mokweza mawu kuti makasitomala ena amve, anati, "Bambo, zinthu izi si za aliyense. Ngati munazolowera TV, mukanangogula TV. Mwina nyumba yanuyo ndi imene ili ndi vuto, masiling'i a ku Machinjiri timawadziwa."

Bwana, ndine munthu wamkulu, wa banja langa. Mnyamata ameneyo ndi msinkhu wa mwana wanga woyamba. Pa tsiku logula palibe anafunsa komwe ndimakhala kuti aone ngati ndalama zanga zikuyenera. Munandipatsa mpando, munanditcha bwana, munandiperekeza mpaka pagalimoto. Lero ndabwera ndi vuto lomwe anthu anu anayambitsa, ndasanduka munthu wosadziwa zinthu, wonyozedwa pamodzi ndi nyumba yake ndi dera lake. Mayi wina yemwe anali pambuyo panga pamzere anachita manyazi m'malo mwa shopu yanu, anangoti, "Aaa, achimwene, munthu wamkulu salankhulidwa choncho." Mnyamatayo sanapepese. Anatembenukira kwa kasitomala wina ngati ine palibe. Nditapempha kuti ndionane nanu anati muli mumsonkhano, ndipo sangadziwe nthawi yomwe mutuluke. Ndinatuluka m'shopumo manja akunjenjemera, ndipo si kawirikawiri ine kufika pamenepo.

Siling'i yanga ilibe vuto. Yakhala zaka zambiri popanda mng'alu mpaka tsiku lomwe anthu anu anaiboola pamalo olakwika. Ndipo ngati amisiri anu anaona kuti bodiyo singanyamule, udindo wawo unali kunena pomwepo, kapena kuika thabwa pakati pa mitanda iwiri n'kumangirapo bulaketi, ntchito yomwe kalipentala uja akuti siingathe ola limodzi.

Mnyamata yemweyo anandilozeranso mawu omwe ali kumunsi kwa lisiti, oti katundu akagulidwa sabwezedwa. Ndikuganiza kuti inuyo mukudziwa kuti bungwe loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) lakhala likuchenjeza ogulitsa kuti sangabisale kuseri kwa mawu oterewa pamene katundu kapena ntchito ili yolakwika, komanso kuti dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act, kuyambira mu 2003. Siginecha yotengedwa makina asanayatsidwe siingafafanize masikuluwu omwe aliyense angakwere n'kukawaona ndi maso.

Zomwe ndikufuna ndi izi. Mutumize mmisiri wodziwa ntchito, osati awiri aja, abwere ndi tepi ndi levulo, aitsitse pulojekitayo n'kuipachika pa mtunda womwe kabuku kakunena, molunjika pakati pa sikirini, bulaketi itagwira thabwa. Aike chingwe chimodzi chathunthu chomwe ndinalipira, ndipo bodi yomwe yang'aluka muisinthe n'kupentanso ndi ndalama zanu. Galanti iyambe kuwerengedwa tsiku lomwe makinawa ayambe kugwira ntchito bwino, chifukwa miyezi yomwe yadutsayi akhala akungolendewera pamwamba pa matiresi. Ngati simungathe zimenezi, bwerani mudzatenge katundu wanu yense, mundibwezere ndalama zonse kuphatikizapo ya ntchito, ndipo siling'iyo mukonzebe. Pa za mnyamata wa pa kauntala, ndikufuna chipepeso cholembedwa. Sindikupempha kuti achotsedwe ntchito, koma adziwe kuti zomwe analankhula zafika kwa mabwana ake.

Ndikukupatsani masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mulandire kalatayi. Akatha popanda kanthu, ndikatula nkhaniyi ku CFTC ndi kubungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi, pamodzi ndi lisiti, zithunzi za m'siling'i ndi mameseji onse omwe ndinasunga, ndipo ngati pangafunike kupita kukhoti la majisitireti ndipita. Pulojekitayo ikagwa m'masiku amenewa, kaya yasweka kaya yavulaza munthu, mlandu ndi wanu, chifukwa ndinakuchenjezani ndipo munandiletsa kuitsitsa.

Mudziwenso kuti ndili mu komiti ya kutchalitchi kwathu yomwe ikufuna kugula pulojekita ndi masipika a muholo, ndipo ndine ndinatchula dzina la shopu yanu pachiyambi. Pamsonkhano wotsatira ndikawauza zonse zomwe ndalemba muno, ndipo makotesheni tikatenga kwina.

Nambala yanga ya foni muli nayo, koma yankho ndikulifuna papepala kapena pa imelo, losainidwa ndi inuyo. Musanditumizirenso uthenga woti ndibwere kushopu, chifukwa vuto lili kunyumba kwanga ndipo ndi inu muyenera kubwera.

Ndine,
Kasitomala wanu wa ku Machinjiri, Blantyre