Mudzi umodzi, maina awiri ku Devon

Akonzi,

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Devon, m'dziko la England. Tsiku lina ndinafunsa njira yopita kumudzi wa Woolfardisworthy, ndikutchula chilembo chilichonse. Agogo ena anandiuza kuti eni mudziwo amangoti Woolsery, ndipo pachikwangwani ndinapezadi maina onse awiri.

Nkhaniyi yandigwira mtima. Mawu akuti "worthy", amene ali kumapeto kwa dzinali, kalelo ankatanthauza malo otchingidwa ndi mpanda. Dzina la mzinda wa Nottingham, m'kaundula wa malo a ku England wotchedwa Domesday wa 1086, linalembedwa Snotingeham, kutanthauza kwawo kwa anthu a munthu wina dzina lake Snot; S uja anatayika m'nthawi ya a Norman, anthu ochokera ku France amene anagonjetsa England. Maina othera ndi "by", monga Grimsby, anasiyidwa ndi ma Viking, anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya amene anadzakhala ku England kalekale.

Chonde mutipatseko danga m'nyuzipepala yathu lokambirana magwero a maina a midzi.

Wowerenga wanu,
Bideford