Thirakitala ya malemu bambo yadzuka

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Johannesburg. Kuno ku Mangochi dzuwa la Okutobala lakwiya, ngakhale kamphepo kochokera kunyanja kakubwera kotentha. Katundu wokonzera thirakitala munatumiza pa basi uja anafika bwino, ndipo pamene ndikulemba kalatayi thirakitala ikulira panjapa.

Ndikunena Massey Ferguson 135 ya malemu bambo, yomwe munaphunzirirapo kuyendetsa ija. Zaka ziwiri zathazi sitata imangoti khwee osagwira, ndiye timailiza poikoka ndi lole. Kilatchi nayo inayamba kuterera, pulawo ikangolowa pansi fungo la chopserera lili guu. Ena amati ndiigulitse kwa ogula zitsulo. Mtima wanga unakana.

Tinagwirira ntchitoyi pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba, ine ndi amakaniko achikulire aja. Kuti ufike pa kilatchi umayenera kuigawa pakati thirakitala, injini kwake, giyabokosi kwake. Tisanamasule bawuti ngakhale imodzi, anakhomera timitengo mbali zonse ziwiri pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi thupi, chifukwa ekiselo imeneyi imasewera, ndipo injini ikhoza kupendekera kumbali n'kukuswa mwendo. Tinayala matabwa pamchenga, jeke pansi, n'kumakankha pang'onopang'ono mpaka inatseguka.

Zomwe tinaona mkatimo! Mano a ring gear, mkombero wa mano umene sitata imaluma poliza injini, wozungulira fulayiwilo (gudumu lolemera la kumbuyo kwa injini), sanathe konsekonse, anadyeka m'malo ochepa okha. Amakaniko anandifotokozera kuti injini ikazima imakonda kuima pa malo omwewo, ndiye sitata imamenya mano amodzimodzi tsiku ndi tsiku. Mbale ya kilatchi inali yonyowa ndi oyilo wodontha pa silu yakumbuyo kwa injini. Tikanangoika yatsopano osasintha siluyo, ndalama zanu zikanapita pachabe.

Ring gear yakale tinaiboola pakati pa mano awiri, n'kuidula ndi tchizulo. Koma achimwene, ndinalakalaka mukanaona polowetsa yatsopano. Ilibe bawuti, imagwira pa fulayiwilo chifukwa chothina basi. Poyesa ili yozizira inakana, ine mtima unagunda, ndimvekere mwina mwatumiza yolakwika. Amakaniko anangoti, "Sonkhani makala." Anaiika pa moto akuitembenuza kuti itenthe mofanana, maso ali pa chitsulo, osalola kuti ifiire, poti ikafiira mano amafewa ndipo sachedwa kutha. Anaonetsetsanso kuti mbali yosongoka ya mano iyang'ane kumene sitata imalowera. Kenako anaitola ndi mapulayala awiri, kuiika pa fulayiwilo, inangoti khutyu mpaka pansi. Patapita kanthawi inazizira n'kugwira zolimba. Ndinakumbukira bambo, mmene ankachitira ntchito osalankhula zambiri.

Zotsalazo zinafuna kudekha. Tinasintha kaberingi ka pakati pa fulayiwilo ndi beringi yokankha zala za kilatchi. Mukudziwa kuti kilatchi yake ndi ya magawo awiri: ukaponda theka matayala amaleka kukoka, ukaponda mpaka pansi PTO, shafuti yakumbuyo yoyendetsa zipangizo, nayo imaima. Mbale zonse ziwiri zimayenera kukhala pakati penipeni, ndipo tinaziwongola ndi shafuti yakale. Pobwezera, mbali ziwirizo zinakana kukumana, panatsala mpata wa zala ziwiri. Ine ndinafuna kuzikoka ndi mabawuti, koma anandiletsa mwamphamvu kuti ndipinda mbale. Anapotoza shafuti ya PTO kumbuyo pang'ono, mano analumana, inatsekeka yokha.

Dzulo madzulo ndinaliza koyamba, kamodzi kokha inayankha. Mayi anatuluka m'khitchini chipande chili m'manja, anaimirira pakhomo nthawi yaitali akumvetsera.

Sabata yamawa ndikayamba kugalauza munda wa m'njira ya ku Namwera uja mvula isanagwe, ndipo wa alongo anu ndiugalauza ulere, musakane. Mukamabwera pa Khirisimasi mudzanditengereko mapaipi a redieta, alipowa ayamba kung'aluka. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu,
wa ku Mangochi