Otuluka kundende tiwapatse mpata

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za momwe timawalandirira abale athu otuluka kundende. Ine ndine Mkhristu, koma nkhani ya Angulimala, yomwe Abuda amaphunzitsa, yandigwira mtima.

Munthuyu anali chigawenga choopsa kufupi ndi mzinda wa Savatthi ku India wakale. Ankapha apaulendo, kuwadula zala n'kuzivala m'khosi, ndipo dzina lakelo limatanthauza mkanda wa zala. Atakumana ndi Buddha, yemwe anayambitsa chipembedzo cha Abuda, anataya lupanga nakhala mmonke, munthu wosiya zonse n'kudzipereka pa zachipembedzo. Mfumu Pasenadi, yomwe inkamusaka ndi asilikali, itamupeza atasintha inamusiya ndi moyo.

Komatu zakale sizinafufutike. Tsiku lina akupempha chakudya, anthu anamugenda mpaka magazi chuchuchu. Buddha sanamunamize kuti alibe mlandu ayi. Anamuuza kuti apirire, poti akukolola zomwe anafesa. Angulimala sanabwezere, sanabwererenso kutchire. Apa m'pamene ndikuona nzeru: kulakwa sakubisa, komanso munthu samutaya.

Mpaka lero amonke a Theravada, limodzi mwa magulu akuluakulu a Abuda, amasonkhana kawiri pamwezi kuulula zolakwa zawo asanamve malamulo awo 227. Ku Britain, bungwe la Abuda lotumikira akaidi, lomwe linayamba mu 1985, linatenga dzina la Angulimala yemweyo.

M'mudzi mwathu muli mnyamata amene anagwira ukaidi chifukwa choba mbuzi. Kundendeko anaphunzira ukalipentala, koma palibe womupatsa ntchito, ngakhale yokhoma chitseko. Mafumu ndi atsogoleri a mipingo, chonde yambani ndinu kumuitana akonze mabenchi.

Wowerenga wanu,
Ku Dedza