Kalata kwa mwana wanga pa nkhani ya kalabu ya ndakatulo

Wokondedwa mwana wanga,

Kalata yako ndinailandira, ndipo ndakondwa kumva kuti wayambitsa kalabu ya ndakatulo pasukulu pomwe ukuphunzitsa. Wadandaula kuti ana amabwera ndithu Lachitatu masana, koma amangokhala chete ngati ali pamaliro, ndipo amene walemba kanthu amabisa kope m'chikwama. Ndikuyankha monga mayi ako, komanso monga munthu amene anagwira choko kwa zaka zambiri kuno ku Mangochi.

Ndiyambe ndi cholakwa changa. Chaka china ndinauza ana a Sitandade 7 kuti alembe chimangirizo chokhudza munthu amene amamusowa. Mtsikana wina analemba za bambo ake amene anapita ku Joni, amene poyamba ankatumiza ndalama ndi mabulangete, kenako foni yawo inangoti zii. Analemba kuti mayi ake amapakulabe nsima ya anthu anayi pomwe pakhomo patsala atatu. Ine, pofuna kumuyamikira, ndinawerenga chimangirizocho mokweza m'kalasi osayamba ndamufunsa. Mnyamata wina kumbuyo anaseka, ena anatsatira, ndipo pofika nthawi ya buleki anali atamupatsa kale dzina lomunyoza. Mwanayo anajomba sabata yathunthu, ndipo atabwerako sanalembenso chilichonse chochokera pansi pa mtima. Madzi akatayika saoleka.

Choncho usanaphunzitse ana kulemba, yamba wawaphunzitsa kumvetsera. Ukukumbukira momwe agogo ako ankayambira nthano madzulo tikatha kudya: iwo akati "Padangokhala," ife tonse tinkayankha kuti "Tilitonse," ndipo tikasiya kuyankha nthanoyo inkathera pomwepo. Yankho limenelo linali lonjezo lakuti sitinagone ndipo sitinawasiye okha. Pangana ndi ana ako kuti zonenedwa m'chipindamo sizituluka, kuti palibe wojambula mnzake pafoni n'kukamuika pa WhatsApp, ndiponso kuti wowerenga akamaliza, wina ayambe wabwereza mzere umene wamukhudza asanatchule zolakwika za kalembedwe. Amene sakufuna kuwerenga tsiku limenelo umusiye, pakuti kubwera kwake kokhako ndi chiyambi.

Woyamba kuwerenga ukhale iweyo. Uwauze za chaka chija unabwereza Fomu 4, momwe unkazembera njira ya kumsika poopa kukumana ndi anzako amene anakhoza MSCE. Ndikudziwa kuti nkhaniyi sumaikonda, koma mwana sangaulule chomupweteka kwa mphunzitsi amene amaoneka ngati sanapunthwepo. Ungosamala kuti usawasenzetse mavuto ako a lero, chifukwa iwo ndi ana.

Pali chinthu china chimene ndakatulo imatha kuposa chimangirizo. Mlakatuli Jack Mapanje, amene anabadwira m'boma lino m'mudzi wa Kadango mu 1944, anali mmodzi wa amene anayambitsa gulu la alembi ku Chancellor College mu 1970. Inali nthawi imene munthu ankayamba wacheuka asanalankhule, komabe ophunzirawo ankakumana, kuwerengerana ndi kukonzerana zolemba zawo, ndipo zolemera pamtima ankazinena mwa zining'a ndi mafanizo. Ngakhale kuti Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, luso limenelo lobisala kuseri kwa fanizo likadali lothandiza kwa mwana wamanyazi. Mwana wotereyu angalembe za bwato limene linachoka pagombe usiku osabwereranso, ndipo anzake amene abambo awo ali ku Joni, kapena amene anataya abale pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, adzamva bwino lomwe zimene akunena. Iweyo usadzafunse kuti bwatolo ndi ndani.

Za chilankhulo usaumire mtima. Amene mtima wake umalira m'Chiyao alembe m'Chiyao, mnzake amasulire. Chingerezi ali nacho chokwanira m'maphunziro ena. M'chipindamo mudzakhala Asilamu ndi Akhristu, ana a alovi ogona panyanja kusodza usipa ndi ana a ogwira ntchito m'maofesi, ndipo ambiri mwa iwo sanakhalepo pansi n'kumverana.

Chinsinsi chimodzi chokha usadzalonjeze kusunga, ndipo uwauziretu zimenezi tsiku loyamba kuti asadzati unawapusitsa. Ndakatulo ikadzaonetsa kuti mwana akuchitiridwa nkhanza kapena akukakamizidwa kukwatiwa, ukambirane naye pambali, kenako nkhaniyo ifike kwa ahedi, kwa amayi a mother group kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, choncho sudzakhala ukulowerera za eni.

Ndakutumizira usipa wouma pang'ono ndi kope langa lakale la nthano za agogo ako. Masamba ena anadyedwa ndi chiswe, koma nthano ya kalulu ndi mvuu ikuwerengekabe, ndipo ungayambire imeneyo Lachitatu likubwerali. Undilembere kuti ndi angati adzayankhe "Tilitonse."

Ndine mayi ako,
kuno ku Mangochi.