Lipoti la maphunziro a kasamalidwe ka kamera omwe anachitikira ku Boma

A Wapampando, a Gulupu ndi mamembala nonse a komiti yathu ya pagombe, ndabwerako kumaphunziro omwe munandituma ku Mangochi Boma. Kunabweranso anzathu a ku Monkey Bay, Makawa, Malindi ndi a kunyanja ya Malombe, ambiri atanyamula timakamera tating'ono ngati kathuka. Dandaulo lawo linali lofanana ndi lathu: diso la kamera likatuluka limakana kubwerera, pagalasi n'kulemba kuti lens error.

Mphunzitsi anamasula kamera imodzi ife tikuona, mkati monse munali mchenga. Diso lija limayendera timagiya tapulasitiki tating'onoting'ono, moti kamchenga kamodzi kakangolowamo, basi laima. Apa tisachite makani kulikankha ndi chala, timagiyato timathyoka. Chofunika n'kuchotsa batire, kuitchaja mpaka idzaze, kuweramitsa kamera diso lili pansi, kupemerera m'mphepete mwake ndi kapampu kamphira, kenako n'kuyatsanso. Zikakanika, ipite kwa okonza. Yathu tinaiyesa choncho ndipo inatseguka. Ndiye maganizo ogula ina aja, ine ndikuti ayambe aima.

Koma kuti ikhalitse, tisiye kuiika m'thumba lomwe taikamo usipa kapena kuisiya pamchenga tikamakoka bwato. Mwera ukamaomba, izikhala m'kachikwama kake. Galasi lake lisamapukutidwe ndi malaya kapena chitenje. Fumbi lichoke kaye, kenako kansalu kofewa. Dzuwa lathu la kunoli limafoola batire, choncho isamasiyidwe padzuwa m'bwato. Chinyezi nacho chimameretsa nkhungu m'galasi, ndipo timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano timathandiza kuyamwa chinyezicho. Ikagwera m'madzi, musaiyatse kuti muone ngati ili moyo. Chotsani batire ndi memori khadi msangamsanga, iume masiku angapo pamthunzi.

Nkhani yomwe inandikhudza kwambiri ndi ya tsiku ndi nthawi. Ife timajambula pofuna umboni wa makoka osaloledwa, monga maneti a udzudzu, komanso anthu opha nsomba nyanja ili yotseka. Kamera ikakhalitsa yopanda batire imaiwala deti, ndiye chithunzi cha dzulo chimatha kuonetsa chaka chamakedzana. Wogwidwayo angokana, ndipo ife tidzasowa chonena pamaso pa mfumu kapena alangizi a za usodzi. Aliyense wotenga kamera ayambe waona deti asanajambule.

Pa kajambulidwe sindichulukitsa. Batani lojambulira lidinidwe pang'ono kaye mpaka chithunzi chioneke bwino, kenako n'kumaliza. Munthu akaima kumbuyo kwake kuli nyanja yonyezimira, nkhope imada. Musinthe poima kapena muyatse fulashi ngakhale masana. Fulashiyo imangofika mamita atatu kapena anayi, ndiye zojambula bwato lili kutali usiku n'kungotha batire. Digital zoom, ija yokuzira zinthu zakutali pongotambasula chithunzi, tiitseke, imaphwanya chithunzi.

Za memori khadi: m'mbali mwake muli kachotsekera kakang'ono, kakatsetsereka kamera imalemba kuti khadi yakhomedwa. Ena akhala akutaya makhadi abwinobwino chifukwa cha kameneka! Khadi izifomatidwa m'kamera momwemo, osati pakompyuta, ndipo zithunzi zikhale zitasungidwa kaye kwina poti kufomata kumafufuta zonse. Kamera zakale zambiri siziwerenga khadi yoposa 32GB, choncho pogula tisatengeke ndi kukula.

Pempho langa kukomiti ndi lakuti tisankhe munthu mmodzi wosunga kamera, wokhala ndi kope lolembamo yemwe watenga ndi tsiku lobweza, chifukwa pano ikungoyenda m'manja mpaka kumaukwati. Tigulenso batire yachiwiri, kachikwama ndi kapampu kaja. A msungichuma atiuze zomwe zili m'thumba pamsonkhano ukubwerawu, ndipo ndidzabwera ndi kamerayo kuti aliyense adzaigwire ndi kuyesa yekha.