Phunziro la Generations kwa okonza masewero a pa kanema

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa sewero la Generations la ku South Africa, lomwe Mfundi Vundla adaliyambitsa pa wailesi ya kanema ya SABC mu 1994. Nkhani yake idazungulira pa kampani yotsatsa malonda ya banja la a Moroka ku Johannesburg: mabwana m'maofesi oziziritsa, antchito akulimbana kuti akwere.

Kusiyana komweko kudalinso kuseri kwa kamera. Sewero loonetsedwa Lolemba mpaka Lachisanu limafuna gawo lathunthu, la pafupifupi theka la ola, lijambulidwe tsiku lililonse la ntchito. Olemba amakhala patsogolo ndi miyezi, ndipo wochita sewero amaloweza mawu usiku n'kukajambula m'mawa. Mmodzi akadwala, ndondomeko ya sabata yonse imasokonekera.

Mu Ogasiti 2014, ochita sewero 16 adachotsedwa ntchito atanyanyala. Ankafuna malipiro okwera, makontirakiti a zaka zitatu, komanso gawo la ndalama zomwe zimabwera seweroli likabwerezedwa kapena likagulitsidwa kunja. Madandaulowa adali omveka, chifukwa nkhope zawo n'zimene zinkakopa otsatsa malonda. Seweroli lidaima, n'kubwerera mu Disembala ngati Generations: The Legacy, anthu ambiri okondedwa atasowamo.

Okonza masewero kuno kwathu alembe mu kontirakiti, kamera isanayatsidwe, kutalika kwa mgwirizano, maola a ntchito, ndi ndalama ya wochita sewero gawo likaulutsidwanso pa wailesi ina ya kanema kapena pa YouTube.

Wokonda zisudzo,
Blantyre