Buku lachikondi landisokoneza, wakale wanga wabwera

Agogo,

Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Matawale ndipo ndimagulitsa zitenje mumsika waukulu wa Zomba. Mwana wanga wamkazi anandibwereka buku lachikondi kuti ndiziwerenga ogula akasowa. Nkhani yake ndi ya nthawi ya atsamunda, Zomba akadali likulu la dziko. Mnyamata analowa usilikali wa KAR (King's African Rifles, gulu lankhondo la atsamunda) n'kupita kunkhondo ku Burma mu 1944. Bwenzi lake linamva kuti wafa, linalira, kenako linakwatiwa ndi kalaliki wa kuboma. Anadzaonananso mu 1964, chaka cha ufulu, mkaziyo ali wamasiye.

Zankhondozo wolemba anazilongosola bwino. Aliyense wodutsa pachipilala cha asilikali pafupi ndi Cobbe Barracks amadziwa kuti ambiri opita kunkhondo sanabwerereko, ndiye mphekesera ya imfayo sinandivute kukhulupirira. Koma kumapeto ndiye anandinyasa nako. Awiriwo angoonana, misozi chuchuchu, tsamba lotsatira ukwati. Ankhoswe ali kuti? Ana a malemu akuti chiyani? Nanga nyumba ndi ya yani? Mkaziyo analibe ngakhale mlongo mmodzi woti amukhazike pansi msilikaliyo.

Ndalemba chifukwa nanenso wanga wabwera. Tili pachibwenzi anapita ku Joni kukafuna ntchito, makalata ochepa, kenako zii. Kunalibe nkhondo kumeneko, anangotchona basi. Lero wabwerera imvi zili mbuu, akuti mkazi wake anamwalira ndipo akufuna adzalowe pakhomo panga monga mkamwini.

Nyumbayo tinamanga ndi malemu amuna anga. Mwana wanga wamwamuna akuti bambowo akungofuna pogona. Wamkaziyo akuti, "Amayi, mwavutika mokwanira." Ndikukayika ngati buku lija anandipatsa mwangozi. Achimwene, omwe ndi eni mbumba, akuti abwere kaye ndi abale ake, timvenso za ana amene anawasiya ku Joniko.

Ndisakubisireni Agogo, akafika pabenchi panga ndimaseka mpaka anzanga ogulitsa nawo amatsinana. Chikundiluma n'chakuti msilikali wa m'buku uja anali ndi chifukwa chomveka, ndipo anachifotokoza. Wangayu ndikamufunsa chimene chinamuletsa kulemba kalata, amangoti zakale zisiye. Ineyo ndinadikira mpaka anthu kuyamba kundiseka kumudzi, ndiye ndizisiye bwanji asanandiuze?

Kodi ndiumirire kuti afotokoze kaye, ndiponso tikayezetse magazi, nkhani isanafike kwa ankhoswe? Kapena pamsinkhu wangawu mafunso ochuluka angomuthamangitsa? Mundithandizenso mbali ya lamulo la chuma cha masiye la 2011: ndikakwatiwanso, nyumbayi ikhalabe ya ine ndi ana anga, kapena ndilembe wilo iye asanabweretse chikwama chake?

Ine mayi wa ku Matawale,
Zomba